Kompyuta ya Pansi pa Masitepe

Makompyuta a tsidya lina la msewu anasowa pa mndandanda Lolemba m'mawa, patatha milungu isanu ndi umodzi chiikireni maliro a achimwene ake a Chemwali.

Kampaniyo inali yosindikiza mabuku, makalendala ndi timapepala tomata pa mabotolo, ndipo inali ndi nyumba ziwiri zoyang'anizana. Mbali ino kunali maofesi, kumene okonza masamba ankakhala tsiku lonse akusuntha zithunzi ndi zilembo pa sikirini. Tsidya linalo kunali holo ya makina, yonunkha inki ndi mafuta, kumene masambawo ankasanduka mapepala. Pakati panali msewu wa malole, ndipo pansi pa msewuwo panadutsa waya mmodzi. Wokonza masamba akamaliza ntchito ankatsegula mndandanda wa makompyuta onse a pakampanipo, n'kusankha dzina la kompyuta ya ku holo, n'kuponyamo fayilo yake. Zinayenda choncho zaka khumi ndi zinayi, moti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzifunsapo kuti mndandandawo amalemba ndani.

Wosamala makompyuta onsewo anali Chemwali. Dzina lake lenileni linatsala pa chiphaso chokha. Achimwene ake, amene anamulowetsa ntchito n'kumuphunzitsa, ankamuitana kuti Chemwali, ndiye kampani yonse inangotengera, mpaka abwana a imvi mbuu ankati Chemwali ngati anayamwa bere limodzi. Achimwenewo nawonso ankatchedwa a Injiniya, chonsecho pepala la uinjiniya sanalionepo ndi kumaloto komwe. Ndiwo anakoka waya aliyense m'nyumba ziwirizo, ndipo kompyuta iliyonse anaipatsa dzina loseleula mwini wake. Panali MFUPI, panali MADANDAULO, panali TIYI ya akapitawo a ku holo. Yawo anailemba INJINIYA, n'kuiika m'kachipinda ka pansi pa masitepe ku holo komweko.

Kompyutayo inali nkhalamba. Ntchito zonse zimene inkagwira kale anali atazisamutsira ku seva yatsopano ya ku ofesi, kompyuta yaikulu yotumikira zinzake zonse, koma a Injiniya ankaletsa kuizimitsa. Anaimangira mabatire awiri a lole kuti magetsi akathima isadziwe n'komwe.

"Iyi ikadzazima sidzadzukanso," ankatero. "Disiki yake ikungozungulira ndi chizolowezi basi."

Chimwalirireni achimwene akewo, Chemwali sankamva kanthu. Anthu ankamuyamikira kuti ndi wolimba mtima, koma sikunali kulimba. Ankadya chifukwa wotchi yanena, ankasamba chifukwa kwacha, ankayankha moni chifukwa pakamwa panazolowera. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ankachita mwadala. M'mawa uliwonse, asanaike chikwama pansi, ankatsegula mndandanda uja n'kuyang'ana dzina la INJINIYA pakati pa maina a anthu amoyo. Akaona kuti lilipo ankatseka n'kuyamba ntchito. Sanauzepo munthu, ndipo iye mwini sankadzifunsa kuti akuchitiranji zimenezo.

Lolembalo anatsegula, n'kupeza mndandanda waduka pakati. Maina a ku ofesi analipo onse. A ku holo panalibe ndi limodzi lomwe.

Anawoloka msewu chikwama chikadali paphewa. Akapitawo, bambo wa mimba yake amene kapu ya tiyi sinkachoka m'manja mwake, anamupatsa mpando asanapemphe.

"Mwabwera bwino, Chemwali. Anzathu a ku ofesi atithawa. Kapena achotsedwa ntchito onse usiku? Ngati ndi choncho ndiuzeni ndikatenge mpando wa abwana, wangawu ukupweteka msana."

Chemwali anatsegula mndandanda pa kompyuta yawo. Kuno zinali zotembenuka: maina a ku holo onse analipo, a ku ofesi ayi. INJINIYA inali pa mzere wachitatu. Anayang'ana kanthawi, kenako anaika chikwama pansi.

Chimene chinasintha ankachidziwa. Loweruka anthu a kampani ya intaneti anabwera kudzachotsa rauta yakale, kabokosi kamene kamalumikiza nyumba ziwirizo ndi kunja, n'kuika yawo yatsopano. Nayo rauta yatsopanoyo inabwera ndi nambala zake, moti makompyuta onse a ku ofesi, ndi seva yomwe, analandira nambala zina. Ndiye anayambira pomwepo. Anayang'ana timagetsi ta pa rauta, tonse tinali tobiriwira. Anazula waya wa pansi pa msewu n'kumulumikizanso. Anakhala pa kompyuta ya akapitawo n'kugogoda seva ya ku ofesi potchula nambala yake yatsopano, ndipo inayankha kanayi konse mosachedwa. Anawolokanso n'kugogoda makompyuta a ku holo imodzi ndi imodzi, onse anayankha.

"Ndiye ngati akuyankha, abisalanji?" anafunsa Mfupi, mnyamata wamkulu wa okonza masamba, amene anali wamtali kuposa chitseko.

"Njira ilipo. Maina ndi amene sakuwoloka," anatero Chemwali.

"Tanenani za anthu, Chemwali."

Anamufotokozera ndi mawu a achimwene ake, chifukwa ena analibe. Kompyuta iliyonse imafuula dzina lake kuti anzake a m'nyumba imodzi amve. Koma rauta ndi mlonda wa pageti, kalata yolembedwa adiresi amaidutsitsa, zofuula sazinyamula. Ndiye m'nyumba iliyonse makompyuta amasankha mtsogoleri mmodzi woti azilemba maina onse amene wamva, azikapereka ku seva ya ku ofesi, n'kubwerako ndi maina a mbali inayo.

"Ndiye mtsogoleri wa ku holoyo wagona?"

"Ndiona."

Koma sanaone. Kufunsa kuti mtsogoleri wa ku holo ndi ndani ndi ntchito ya mzere umodzi pa kiyibodi, ndipo ndi chinthu choyamba chimene achimwene ake anamuphunzitsa kufunsa mndandanda ukaduka. Chemwali anachita zina zonse kupatula chimenecho. Anazimitsa ndi kuyatsa rauta. Anawerenga kabuku kake konse, ndi masamba a zinenero zosadziwika omwe. Lachiwiri anatha tsiku lathunthu akutsegula kompyuta iliyonse ya ku ofesi kuona ngati pali imene ikutchinga mauthenga. Aliyense womuona ankati mayi uyu akugwira ntchito ngati bulu, ndipo sankanama.

Poti ntchito siyembekeza, analemba nambala za makompyuta a ku holo pa timapepala n'kumata pa sikirini ya aliyense, kuti azilemba nambalayo m'malo moyang'ana dzina. Koma anthu amene azolowera kudina dzina kwa zaka khumi ndi zinayi simungawauze za madontho ndi manambala. Wina ankaiwala dontho, wina ankalemba koma m'malo mwa dontho, mayi wa MADANDAULO anati nambalazo zikumupweteketsa mutu ndipo akauza mwamuna wake. Pofika masana onse anali atatulutsa mafulashi m'madilowa n'kumawoloka msewu wapansi, kuzemba malole, fayilo ili m'thumba.

Lachitatu zinaphulika. Mfupi anatenga fulashi imene munali mafayilo awiri a dzina limodzi, ndipo ku holo anatsegula olakwika. Makina anabangula m'mawa wonse, n'kutulutsa makalendala zikwi ziwiri okongola kwabasi, a chaka chatha. Anazindikira ndi mayi wosesa, amene anati tsiku lake lobadwa lagwera Lachinayi kachiwiri.

Abwana anaitana Chemwali mu ofesi yawo n'kutseka chitseko okha. Kalendala imodzi inali pa tebulo. Sanakalipe, mwina zikanakhala bwino akanakalipa.

"Chemwali, khalani pansi. Kunyumba kuli bwanji? Alamu anu?"

"Alipo, bwana."

"Ine ndikudziwa kuti mwadutsa m'zowawa. A Injiniya sanali wantchito chabe kwa ine. Koma nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Mwini makalendalawa sakalipira Mfupi, akalipira ine." Anatembenuza kalendalayo chafufumimba. "Ndikupatsani mpaka Lachisanu masana. Zikakanika ndiitana anthu akunja. Ndipo mukuwadziwa anthu aja, sayang'ana nkhope. Chilichonse chakale amazula n'kuponya m'galimoto."

"Ndamva, bwana."

"Muli ndi chonena?"

"Ayi, bwana."

Anatuluka osamva mantha kapena manyazi. Anangodziwa kuti anthu akunja akabwera adzayamba ndi kachipinda ka pansi pa masitepe.

Lachinayi m'mawa anakhala pa kompyuta ya akapitawo n'kulemba mzere umodzi uja. Yankho linatuluka chala chisanachoke pa batani. Mtsogoleri wa ku holo anali INJINIYA.

Sanadabwe. Anali akudziwa kuyambira Lolemba, monga munthu amadziwa dzino limene likupweteka koma n'kumatafunira mbali inayo. Makompyuta ena onse ankalandira nambala okha m'mawa uliwonse, ndiye za kusintha kwa seva anazimva m'mawa wotsatira. Ya a Injiniya yokha nambala zake zinalembedwa pamanja, ndi mwini wake, zaka zapitazo. Inkamvetserabe mokhulupirika, n'kulemba maina onse a ku holo osaphonya ndi limodzi, kenako n'kumakagogoda pa nambala yakale ya seva, pamene panalibenso munthu. Ikapanda kuyankhidwa inkabwerera, n'kudzapitanso.

Akapitawo anaima kumbuyo kwake akupemerera tiyi.

"Ndiye wakubayo mwamupeza?"

"Ndi ya achimwene."

Akapitawo anasiya kupemerera. "Aa. Ndiye musankhe ina, si mwati amachita kusankha?"

Chemwali analamula kuti makompyuta a ku holo achitenso chisankho. Sichitenga nthawi, ndi masekondi ochepa. Anafunsanso, inali INJINIYA. Anaitanitsa chachiwiri, atauza kaye kompyuta ya akapitawo kuti iziimirira ndi mphamvu zake zonse. INJINIYA. Chachitatu chimodzimodzi.

"Imabera mavoti?" anafunsa akapitawo.

"Ayi. Lamulo lake ndi loti ya udindo waukulu ndiyo imapambana, ndiye iyi ndi ya mtundu wa seva, zinazi ndi zapatebulo chabe. Ngakhale zikanafanana, imapambana imene yakhala choyaka nthawi yaitali."

"Yakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zinayi ndi miyezi isanu ndi iwiri."

"Ndiye ngati anthu omwe. Wokhalitsa pampando sachoka ndi mavoti." Anaseka okha, koma ataona nkhope ya Chemwali anameza chisekocho ndi tiyi. "Pepani, mwana wanga. Pakamwa panga pamathamanga."

"Palibe kanthu, akapitawo."

Njira zonse anaziyala m'mutu mwake mmene achimwene ake ankayalira zida pa tebulo. Kuilembera nambala yatsopano ya seva kunali kwa mphindi imodzi, koma kunkafuna pasiwedi, ndipo pasiwediyo anapita nayo mwini wake. Kuthyola pasiwedi kunkafuna kuizimitsa kaye. Anaimbira foni a kampani ya intaneti kupempha kuti abwezeretse nambala zakale za ku ofesi, ndipo mtsikana wa mawu okoma anamuuza katatu konse kuti zimenezo sizili m'dongosolo lawo. Chinatsala ndi kuichotsa pa netiweki, ndipo ikachoka, dzinalo lichoka nayo.

"Bwanji mungotenga ina muilembe INJINIYA?" anatero akapitawo motsitsa mawu. Anali ataona zimene ena sanaone, chifukwa kuyambira Lolemba Chemwali ankayamba wawoloka msewu asanaike chikwama. "Ngakhale yangayi. Ine dzina la TIYI ndatopa nalo."

"Sikhala iwo."

"Eya, sikhala iwo," anavomera, n'kupita ku makina awo.

Ataweruka Chemwali anakwera basi kupita kwa alamu ake, mkazi wa achimwene akewo. Anawapeza pabalaza akusita mayunifomu a ana, wailesi ikulankhula yokha pa kabati. Pakhomo panali patasinthako. Mpando wa a Injiniya anali atausunthira kuwindo n'kuikapo dengu la zochapa, ndipo nsapato zawo sizinalinso kuseri kwa chitseko.

"Alamu, mwachita kusochera? Ndimati mwatitaya," anatero mayiyo akuimika ayironi. "Taonani mmene mwaondera. Mukudya inu?"

"Ndikudya. Ana ali kuti?"

"Apita kwa agogo awo, abwera Loweruka. Khalani, ndiike madzi."

Chemwali anafotokoza chimene wabwerera, mwachidule, ngati akupereka lipoti. Alamu ake anamvetsera, kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi katoni ya nsapato yodzaza makope.

"Izi zokha ndi zimene sindinapatse munthu, chifukwa palibe angazifune. Malaya ndagawa. Jekete lija anatenga amalume, likuwafika m'mawondo koma akuti ndi saizi yawo."

M'makopemo munali kampani yonse. Munali zojambula za waya aliyense, kumene akuchokera ndi kumene akupita, ndi tsiku limene anamukoka. Kope lina linali la mapasiwedi, kompyuta iliyonse tsamba lake, mpaka ya abwana, imene inali dzina la galu wawo. Chemwali anatsegula masamba mpaka anafika pa INJINIYA. Pamenepo achimwene ake analemba ndi zilembo zawo zopendekera: ili m'mutu.

Alamu ake anasuzumira n'kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kugwira pachifuwa. "Ndi iwowo amenewo! Ngakhale kiyi wa geti ankati ali m'mutu." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anatenga cholembera n'kulemba kuseri kwa envelopu zonse zimene akanaganiza: tsiku la ukwati, masiku obadwa a ana, nambala ya njinga yamoto yakale, dzina limene ankawaitana akakhala awiri. Lomalizali analemba atabisa ndi dzanja.

"Limeneli muwerengere komweko, ndipo musadzandifunse."

Akumuperekeza pageti alamuwo anati, "Kodi ikangozima, pawonongeka chiyani? Muli zinthu zofunika?"

"Mulibe kanthu."

"Nanga?"

Chemwali anayang'ana kumsewu ngati akuona basi. Alamu akewo sanafunsenso, anangomukonza kolala ya bulauzi.

"Ine ndinalira mpaka mawu anatha, alamu. Inu munali pa mndandanda wa zogula, pa magalimoto, pa mipando. Ndinkakuonani. Sindikuti n'zolakwika. Ndikungoti pakhomo pano ndi panu, musamachite kubwera ndi nkhani."

Lachisanu Chemwali analowa m'kachipinda ka pansi pa masitepe nthawi ya 8 koloko. Munali mothina, denga lake lopendekera, moti munthu ankagwira ntchito atawerama. Munali tebulo lachitsulo, sikirini yakale ya mimba, mabatire awiri pansi, ndi mpando wopanda chotsamira umene a Injiniya anaumanga mwendo ndi waya wa netiweki. Anthu akamakwera masitepe fumbi linkagwera pa kiyibodi. Kompyutayo inali pansi pa tebulo, ikulira kulira kwake kwa nthawi zonse.

Anayala envelopu n'kuyamba. Tsiku la ukwati, chakutsogolo ndi chakumbuyo. Ana atatu, mmodzi ndi mmodzi, kenako onse pamodzi. Njinga yamoto. Dzina lobisa lija, limene linali lachibwana kwambiri moti tsiku lina akanaseka nalo. Ikakana kasanu kompyutayo inkamudikiritsa kaye, ndipo iye ankadikira manja ali pamiyendo. Za pa envelopu zitatha anayesa zake: dzina la mayi awo, la sukulu imene anaphunzira, la msewu umene anakulira. Pomaliza analemba dzina lake lenileni, limene achimwene ake sanamuitanepo nalo. Nalonso linakana, ndipo anadabwa kuti ngakhale zimenezo sizinamupweteke.

Nthawi itakwana 11 koloko akapitawo anagogoda pa chitseko chotsegula kale.

"Abwana aimba. Akuti anthu aja awauza kuti akhale chire."

"Ndamva."

Anagwada n'kulowetsa dzanja kuseri kwa kompyutayo. Kunali mawaya awiri amene ankawadziwa ndi zala, wonenepa wa magetsi ndi wowonda wa netiweki. Anaganiza kuti apa wapeza nzeru. Sayenera kuizimitsa. Angozula wa netiweki yekha, iyo ikhalabe choyaka, anthu apeze mndandanda wawo. Anadina kachotsekera n'kukoka, ndipo wayayo anatuluka mosavuta, ngati ankangodikira.

Anapita pa tebulo la akapitawo n'kuitanitsa chisankho. Inapambana TIYI.

"Ine?" anatero akapitawo. "Chibadwire sindinasankhidwepo ngakhale kukhala monitala. Pali kangachepe?"

Chemwali anali akuyang'ana mndandanda. Zinthu izi sizichitika nthawi imodzi. Mtsogoleri watsopano amayamba wasonkhanitsa maina, kenako n'kukapereka, ndipo dzina la kompyuta imene yachoka silifufutidwa msanga. Kompyuta iliyonse imatchula dzina lake mphindi khumi ndi ziwiri zilizonse, ndipo mtsogoleri amaidikira katatu asanavomereze kuti yapita. Ndiye INJINIYA inali pomwepo pa mzere wachitatu, ndipo Chemwali ankadziwa kuti yatsala ndi mphindi zosaposa makumi atatu ndi zisanu ndi imodzi.

Patapita kanthawi mndandanda unatalika wokha. MFUPI anatulukira, MADANDAULO, seva, onse a ku ofesi. Foni ya pa tebulo inalira, akapitawo anadina batani loti onse amve. Anali Mfupi, kumbuyo kwake kukumveka anthu akuwomba m'manja.

"Abwera! Chemwali, abwera onse! TIYI, MAKINA, WODULA, ngakhale a Injiniya abwera!" Kenako anazindikira chimene wanena. "Ndimati, dzina lija. Pepani, Chemwali."

"Tumizani ntchito," anatero Chemwali. "Muyang'ane chaka."

Anakhala pamenepo akudina batani lotsitsimutsa mndandanda, kudina, kudikira, kudinanso. Makina aakulu anayamba kubangula kumbuyo kwake. Wina anabweretsa mapepala oti akapitawo asaine, wina anafunsa za inki yofiira. Abwana anaimba kuthokoza, n'kunena kuti ankadziwa kuti magazi a a Injiniya sangalephere, ndipo Chemwali anati zikomo bwana maso ali pa sikirini. Mphindi zija zitatha anadinanso, ndipo mzere wachitatu unakhala wa MAKINA. Mizere inangosendera m'mwamba, osasiya ndi mpata womwe.

Anadikira kuti amve kanthu, koma sanamve. Anabweza mpando wa akapitawo pamalo pake, n'kupita kukatenga envelopu ya alamu ake imene anaisiya pansi pa masitepe.

M'kachipindamo kompyuta inali ikulirabe, kagetsi kake kobiriwira kakuphethira. Anakhala pa mpando uja kuti apinde envelopu, wayayo ali gone pansi pafupi ndi phazi lake. Anayang'ana wotchi mwachizolowezi, ndipo mutu wake, umene sunkadziwa kusiya ntchito, unawerengera wokha. Mphindi khumi ndi ziwiri zakwana. Ndiye kuti panopa yatchula dzina lake. Kompyutayo sinkadziwa kuti waya wazulidwa. Izitchulabe dzina lake m'kachipinda muno, izimvetsera, osamva aliyense. Iziitanitsa chisankho yokha, n'kupambana yokha, n'kulemba mndandanda wa dzina limodzi, n'kupita nawo kukagogoda kumene kulibe khomo. Mabatire aja anali abwino. Ikhoza kuchita zimenezo zaka zina zinayi.

Apa ndi pamene chinamugwira. Chinali chisoni, chisoni chenicheni chimene anali asanachimve chiyambire tsiku limene achimwene ake anamwalira kuchipatala. Nzeru yake ija inali nkhanza. Anali atawasiya okha mumdima kuti aziitana, n'cholinga choti iye asamve kuti apita.

Anagwada n'kuika chala pa batani. Makompyuta akale amafuna kuti ugwire osasiya, ndiye anagwira, akuwerenga mumtima mpaka zisanu. Fani inatsika mawu pang'onopang'ono. Disiki inazungulira kotsiriza, n'kuti kete, n'kuima. Kachipindako kanakhala chete mwa mtundu umene anali asanaumvepo m'menemo, moti anamva mapazi a munthu akukwera masitepe pamwamba pa mutu wake.

Anatulutsa foni m'thumba n'kuimbira alamu ake. Inaitana katatu.

"Halo, alamu? Yatseguka?"

Chemwali anayankha, koma mawu ake anali a kamwana.

"Alamu, achimwene kulibe."

Kumbali inayo kunamveka wailesi ikuzimitsidwa.

"Ndikudziwa, alamu," anatero mayiyo. "Musakwere basi. Khalani pomwepo, ndikubwera."